Khoswe wa Pamkhate

Agogo anga aamuna, amene anagona kalekale kumanda a kwathu kunsi kwa phiri la Kongwe m'boma la Dowa, ankakonda mwambi uja woti khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndili mwana mwambiwu ndinkaumva pabwalo la milandu pokha, makamaka wopalamula akakhala mphwake wa nyakwawa. Za khoswe weniweni ndi mkhate weniweni sindinkaziganizira n'komwe. Ndinadzazimvetsa ndili bambo wa ana awiri, m'mwezi wa Julayi chaka cha 2009, tsiku limene ndinatola akadzidzi awiri akufa kuseri kwa nyumba yanga. Panalibe wowagenda, panalibenso wowatchera msampha. Wowapha ndinali ine ndemwe, ngakhale sindinawakhudze ndi chala chomwe.

Nkhani ya akadzidziwo ndiifotokoza kutsogoloku. Poyamba ndifuna tibwerere m'mbuyo, tione momwe anthu a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi takhala tikulimbanirana ndi makoswe, anankafumbwe, nsikidzi ndi chiswe kuchokera nthawi ya agogo athu kufika lero. Mbiri imeneyi simupezeka m'mabuku a kusukulu poti mulibe mafumu kapena zipani, koma ndi mbiri ya pakhomo pa aliyense wa ife. Ikatsatidwa bwino ikusonyeza chinthu chimodzi: pa zaka zosakwana 100 tachoka pa msampha umene unkapha khoswe mmodzi n'kulekera pomwepo, tafika pa mankhwala amene amapitiriza kupha khosweyo atafa kale.

Dera lathu ndi la mapiri ndi zigwa, ndipo tchire silinakhalepo patali ndi mudzi. Pamene A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed ankakhazikitsa mishoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, ndiponso pamene Robert Blake ankayamba ntchito ku Kongwe mu 1894, midzi inali yotalikirana ndipo pakati pake panali thengo lokhalokha. Nkhalango ya paphiri la Ntchisi, m'mene Achewa ankabisala nthawi ya nkhondo za Angoni, boma la atsamunda linaiika pansi pa chitetezo mu 1924. Koma m'zaka za m'ma 1920 zomwezo ulimi wa fodya wogulitsa unafalikira m'chigawo chapakati, ndipo mitengo inayamba kugwa kuti pakhale minda, zigafa ndi nkhuni zofukizira fodyayo. Nyama zikuluzikulu zinathawa kapena kuphedwa. Zimene zinatsala ndi zija zinaphunzira kukhala pafupi nafe: likongwe, msulu, vumbwe, kanyimbi, nkhandwe, fisi, njoka, ndi mbalame monga kadzidzi, kabawi ndi khwangwala. Izi zimatsika m'mapiri kudzafuna chakudya m'minda ndi m'mabwalo mwathu. Chimene tataya kuseri kwa nyumba lero, mawa chili m'mimba mwa imodzi mwa izo.

Chida choyamba cha makolo athu polimbana ndi makoswe sichinali mankhwala ayi, chinali nkhokwe. Ankailuka ndi nsungwi, n'kuiimika pamiyala ndi pamitanda kuti isagunde pansi, ndipo ankaimanga pabwalo, patali ndithu ndi nyumba yogona. Chimanga chinkalowamo ndi makoko ake. Chimanga chamakolo n'cholimba, ndipo makoko ake amatseka mpaka kunsonga, choncho nankafumbwe ankachedwa kuloweramo. Nyemba ndi khobwe amayi ankazisakaniza ndi phulusa n'kuzitsekera mumtsuko womata pakamwa. Mbewu ya chaka chamawa inkapachikidwa kukhitchini pamwamba pa moto kuti utsi uziiteteza. Nsikidzi zikavuta, mphasa ndi zofunda zinkayanikidwa padzuwa la Okutobala kapena kuthiridwa madzi otentha. Njira zonsezi zinali zotchinga mdani kuti asafike, osati zomusakasaka.

Khoswe akakakamira, panali diwa. Agogo anandiphunzitsa kutchera ndili ndi zaka 8: mwala wafulati, kamtengo kouchirikiza, kachingwe ka luzi, ndi nsawawa imodzi yokazinga. Khoswe akakoka nsawawayo mwala unkagwa, nkhani n'kuthera pomwepo. Mphaka akadya mtembowo ankangokhuta. Tiyeneranso kukumbukira kuti makolo ankasiyanitsa khoswe ndi mbewa. Khoswe wa m'nyumba, amene kwawo kwenikweni ndi ku Asia ndipo anafika mu Africa pa zombo za amalonda, sadyedwa. Koma kapuku, mende ndi mbewa zina za kumunda ndi ndiwo. Tikakolola, anyamata tinkanyamula makasu kukakumba mauna, ndipo madzulo tinkabwera ndi mbewa zodzaza mpani. Mosadziwa, tinkachepetsa adani a chimanga chathu pa nyengo yomwe iwo anali atachuluka.

Panalinso alonda ena amene sankalipidwa kanthu. Usiku kadzidzi ankauluka mwakachetechete pamwamba pa nkhokwe. Masana likongwe ankalowa m'mauna. Njoka ya m'nyumba ija yofiirira, yopanda ululu, inkameza ana a makoswe m'zisa zawo kudenga. Pano ndisaname kuti makolo athu ankazikonda nyamazi. Kadzidzi akalira padenga, agogo aakazi ankatuluka ndi chikuni chamoto n'kumuponyera, amvekere, "Pita uko kwa amene wakutuma!" Likongwe ankathamangitsidwa ndi agalu chifukwa chogwira anapiye. Njoka iliyonse inali yoyenera chibonga. Moto wosakira mbewa unkapsereza mapiri athunthu, monga ukuchitirabe mpaka pano. Komabe chikuni chimaphonya, ndipo galu amatopa. Chidani chinalipo, koma zida zake zinali zofooka, kotero alonda aja ankapulumuka n'kumagwirabe ntchito yawo.

Zida zamphamvu zinabadwira kutali ndi kuno. Mu 1939 katswiri wa ku Switzerland, Paul Müller, anapeza kuti mankhwala a DDT amapha tizilombo touluka ndi tokwawa, ndipo mu 1948 analandira mphotho ya Nobel chifukwa cha zimenezi. M'chaka chomwecho cha 1948 ku America kunatuluka mankhwala a makoswe otchedwa warfarin, kuchokera pa kafukufuku wa Karl Paul Link ndi anzake ku Wisconsin, amene ankafufuza chimene chinkachititsa ng'ombe zodya udzu wowola kutaya magazi mpaka kufa. Mankhwala oterewa anafika kwathu kudzera m'minda ya thonje ndi fodya, m'ntchito zaumoyo ndi m'masitolo. Ndikukumbukira ndili wamng'ono, m'zaka za m'ma 1980, amayi anga ufa uliwonse woyera wophera tizilombo ankautcha DDT. Ankauwaza pansi pa mphasa, m'khola la nkhuku ndi m'ming'alu ya chipupa. Kunena zoona nsikidzi zinkatha, ndipo munthu amene anagonapo m'nyumba ya nsikidzi sangawanene amayi angawo.

Vuto la DDT linali loti sawola msanga. Amakhala m'nthaka ndi m'madzi zaka zambiri, ndipo akalowa m'thupi amakhazikika m'mafuta. Kachilombo kakadya pang'ono, chule kapena nsomba imadya tizilombo tambiri, ndipo mbalame imadya nsomba zambiri. Wotsiriza kudya ndiye amasenza zonse. Mayi wina wa ku America, Rachel Carson, anachenjeza za zimenezi m'buku lake la Silent Spring mu 1962, ndipo dziko lakelo linaletsa DDT paulimi mu 1972. Pafupi ndi ife pompano, ku Zimbabwe, DDT ankapoperedwa pofuna kupha kashembe, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri anapeza kuti mazira a nkhwazi za kunyanja ya Kariba anali ndi zikamba zopyapyala kuposa kale. Nkhwazi ndi mbalame yomwe ija ili pamwamba pa chizindikiro cha boma lathu la Malawi. Mu 2001 mayiko anasaina pangano la ku Stockholm lothana ndi mankhwala osawola msanga, kuphatikizapo dieldrin ndi chlordane amene ankathiridwa pa maziko a nyumba poletsa chiswe. DDT anangomusiyira ntchito yolimbana ndi tizilombo tofalitsa matenda monga udzudzu.

Mbiri ili ndi phunziro lina lowawa la ku China. Mu 1958 boma la Mao Zedong linalamula anthu onse kuti athe adani anayi: makoswe, ntchentche, udzudzu ndi mpheta. Mpheta zinapalamula chifukwa chodya mbewu. Anthu ankamenya zitini ndi mapoto tsiku lonse kuti mbalamezo zisatere mpaka zigwe ndi kutopa. Zitachepa, dzombe ndi tizilombo tina timene mphetazo zinkadya tinachuluka m'minda, ndipo izi zinawonjezera pa njala yoopsa imene inagwa m'dzikomo. Mu 1960 boma linachotsa mpheta pa mndandanda uja n'kuikapo nsikidzi. Anthu a ku China sanali opusa. Anawerengera mbewu zimene mpheta inkadya, koma sanawerengere tizilombo timene inkawachotsera. Kulakwitsa komweko ndi kumene ife tachita ndi kadzidzi.

Kwathu kuno zinthu zinasintha kwambiri pakati pa 1990 ndi 2002. Choyamba, kunafika nankafumbwe wamkulu, wochokera ku Central America, amene analowa ku Tanzania kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndipo anadutsa malire athu a kumpoto kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Ameneyu amaboola chimanga cha m'makoko ngakhale mitengo ya nkhokwe yomwe. Alangizi anayamba kutiuza kuti tizitonola chimanga, tizithira Actellic, n'kusunga m'matumba. Chachiwiri, kunabwera njala ya 2002, imene Pulezidenti Bakili Muluzi anailengeza kuti ndi ngozi yogwera dziko m'mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho. Amene tinaiona sitidzaiiwala. Anthu anadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo umbava wa chimanga unafika poti nkhokwe ya pabwalo inali ngati kuitana akuba. Kuyambira pamenepo chimanga chinasamukira kuchipinda chogona. Yendani lero kuchokera ku Mponela kukafika ku Ntchisi, muwerenge nkhokwe zimene mungaone. M'midzi yambiri zatsala zowerengeka.

Chimanga chitalowa m'nyumba, khoswe anachilondola. Tsopano sankadyera pabwalo pamene kadzidzi akanamuona, koma pansi pa bedi, n'kumaboola matumba, zovala ndi mabuku a ana. Ndipo pa nthawi yomweyo misika inadzaza ndi mavenda ogulitsa timapepala ta timibulu takuda, akufuula kuti makoswe atha lero. Awa ndi mankhwala a Temik, amene ife timangoti temeki. Dzina lake la sayansi ndi aldicarb, ndipo sanapangidwire makoswe ayi. Anapangidwa kuti azikwiriridwa m'nthaka kupha tizilombo toononga mbewu monga thonje ndi mbatata. Amasokoneza mitsempha, kotero nyama imatuluka thovu, kunjenjemera, n'kulephera kupuma pa mphindi zochepa. Ku South Africa amawatcha "two step", kutanthauza kuti wowadya amaponda kawiri kokha n'kugwa. Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsa mankhwala ophera tizilombo mu 2000, limene linabala bungwe la Pesticides Control Board, koma kapepala kopanda dzina kogulitsidwa pamphasa pamsika n'kovuta kukalondola. Tonse tamvapo pawailesi za anthu amene anataya moyo ndi temeki. Za nyama zakutchire zimene zafa naye palibe amalengeza.

Tsono ndifike pa mlandu wanga. Mu 2009 tinakolola bwino, poti inali nyengo ya makuponi a feteleza ndipo mvula inagwa mokoma. Matumba anadzaza chipinda chimodzi cha nyumba yanga ya kumudzi. Pasanathe mwezi makoswe anayamba kuvina kudenga usiku wonse. Mayi a kunyumba anandiuza m'mawa wina, "APhiri, mukadikira kuti mwezi uthe, chimangachi tigawana ndi makoswe pakati." Loweruka lotsatira ndinagula timapepala tiwiri ta temeki pamsika, ndinasakaniza ndi usipa wosinja, n'kuika m'zigoba m'makona. Kutacha tinatola makoswe asanu ndi mmodzi, ndipo mwana wanga wamkulu anakawataya kudzala. Madzulo a tsiku lomwelo mphaka wathu anafera pakhonde akutuluka thovu. M'mawa mwake kudzala kuja kunali akhwangwala awiri ali gada, ndipo chapatali pang'ono panali likongwe atauma.

Imfa ya mphaka inandikhudza, ndipo ndinaganiza zochita zinthu mwaulemu monga munthu wopita kusukulu. Ndinasiya za pamsika n'kukagula m'sitolo mankhwala a m'paketi yolembedwa bwino, a timibulu tamtundu wowala. Awa anaoneka ofatsa. Panalibe thovu, panalibe mitembo m'makona. Makoswe anangoyamba kuchepa, ndipo ena tinkawaona masana akuyenda mwaulesi pabwalo ngati oledzera. Ndinadzitama kuti ndapeza njira yabwino. Patatha masabata atatu ndi pamene ndinapeza akadzidzi aja, a nkhope yoyera, pansi pa nyumba yakale ya njerwa imene malemu amalume anaisiya yosatha. Mmodzi anali ndi magazi kukamwa. Ndinali ndikudziwa kuti m'denga la nyumbayo mumakhala akadzidzi, koma sindinkawawerengera ngati anansi.

Mnzanga wina wa zachipatala cha ziweto ndiye anandimasulira. Mankhwala a m'sitolo aja ndi zidzukulu za warfarin. Makoswe ena atayamba kupirira warfarin, zimene zinaonekera koyamba ku Scotland mu 1958, akatswiri anapanga ena amphamvu kwambiri m'zaka za m'ma 1970, monga brodifacoum. Amenewa amaletsa magazi kuundana, ndipo khoswe amatha masiku atatu mpaka sabata asanafe. Masiku onsewo amayendabe, amadyabe nyambo, ndipo poti wafooka, ndiye woyamba kugwidwa ndi kadzidzi, kabawi kapena vumbwe. Mankhwalawo amakhazikika m'chiwindi kwa miyezi yambiri. Kadzidzi akadya khoswe mmodzi wotere mwina sangafe, koma akadya wachiwiri, wachitatu, wachinayi, zimaunjikana mpaka naye ayambe kukha magazi m'kati. "Achimwene," anatero mnzangayo, "temeki amapha amene wafika msanga pamtembo. Awa amapha mlenje waluso."

Amayi anga atamva za akadzidziwo anasangalala. "Wachita bwino mwana wanga," anatero, "mbalame zimene zija zinkandisowetsa tulo. Zimalira maliro." Sindinawayankhe, poti munthu sutsutsana ndi mayi ako pa nkhani ya maliro. Koma tsiku lotsatira ndinalowa m'nyumba yosatha ija ndi mwana wanga. Pansi ponse panali timibulu touma totuwa, tonga ndowe koma topepuka. Kadzidzi amameza mbewa yathunthu, kenako amalavula ubweya ndi mafupa zitaumbika pamodzi. Tinayamba kuswa timibuluto ndi kamtengo. Pafupifupi kalikonse kanali ndi kachigaza ka mbewa kapena ka khoswe, kena tiwiri, mano ake achikasu ali mbee. Tinadzaza chigoba cha sopo tisanafike n'pakati pomwe pa chipindacho. Mwanayo anandiyang'ana n'kufunsa, "Ababa, ndiye kuti ankatithandiza?" Funso limenelo ndi limene landilembetsa nkhani ino.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kapuku amatenga bere masabata atatu ndi masiku ochepa, ndipo amaswa ana 10 kapena kuposerapo pakamodzi, kangapo pa nyengo imodzi. Anawo pakatha miyezi iwiri kapena itatu nawonso ayamba kuswa. Kadzidzi wa nkhope yoyera amaikira mazira kamodzi kapena kawiri pa chaka, ndipo si ana onse amene amakula. Komatu banja limodzi la akadzidzi otere limadya mbewa ndi makoswe oposa 1,000 pa chaka. Mankhwala akapha mbali zonse ziwiri, makoswe amabwerera pa miyezi yochepa, pamene kadzidzi, likongwe ndi vumbwe zimatenga zaka. Pa zaka zimenezo khoswe amaswana popanda womuopsa. Mwini nyumba amaona kuti makoswe achuluka kuposa kale, ndiye amakagula mankhwala ena ochuluka. Wopindula pa zonsezi ndi wogulitsa yekha.

Makoswe si njira yokhayo imene mankhwala a pakhomo amafikira kutchire. Masiku ano kwabwera timatabwa ta ulimbo toika pansi. Ulimbo susankha: umagwira nalimata amene amadya udzudzu pachipupa, abuluzi, tinjoka ndi timbalame, ndipo zimafa pang'onopang'ono ndi ludzu. Ku England anakhazikitsa lamulo mu 2022 loletsa anthu wamba kutchera misampha yotere. Ena amathira mankhwala pachulu kuti chiswe chisadye denga, kuiwala kuti ngumbi za pachulu chomwecho zimadyedwa ndi mbalame, achule ndi ana athu. Ena amatsukira mpope wopopera mankhwala kudambo kumene kuli nkhanu ndi matemba.

Ndiye pali fisi. Ife a ku Dowa tili ndi chifukwa chomuopera. Mu Ogasiti 2002 chilombo chinapha anthu asanu n'kuvulaza ena ambiri, ndipo mu Malichi 2003 china chinapha anthu atatu, anthu pafupifupi 4,000 n'kuthawa m'midzi kukabisala paboma. Akuluakulu oona za nyama zakutchire anati anali afisi achiwewe, ngakhale ambiri kumudzi sanavomereze. Mantha amenewo ndi enieni. Koma ndamvapo kangapo amuna akulangizana kuti fisi akagwira mbuzi, chotsala cha mbuziyo achithire temeki n'kuchisiya kutchire. Nyama yoteroyo sidyedwa ndi fisi yekha. Nkhandwe, agalu a m'mudzi, akhwangwala ndi miimba zonse zimafikapo. Ku Botswana mu 2019 miimba 537 inafera pa mitembo itatu ya njovu imene opha nyama mozemba anaithira mankhwala. Kapepala ka temeki ka pamsika ndi kakang'ono, koma kagwiridwe kake ka ntchito ndi komweko. Ndifunse achikulire anzanga: ndi liti pamene munaona miimba ikuzungulira m'mwamba mwa mudzi wanu?

Mkhate ukasweka, msuzi umatayikira mwini wake. Ife ndi anthu odya mbewa. Mnyamata wa zaka 10 akaona mbewa ikuyenda mwaulesi m'mphepete mwa munda, kwa iye ndi mwayi, sadziwa kuti yadya chiyani dzulo. Nkhuku yathu yachikuda imatola nyambo imene yagwa, ndipo mawa ili mumphika. Kamwana kokwawa kakaona usipa m'chigoba pakona kamaika kukamwa. Choncho nkhani ino si ya anthu okonda mbalame okha. Njira imene mankhwala amadutsa popita kwa kadzidzi ndi yomweyo imene amadutsa pobwerera kwa ife.

Pasakhale wondimva molakwa kuti ndikuikira kumbuyo khoswe. Khoswe ndi mdani ndithu. Amadya chakudya chimene talima ndi thukuta, amaipitsira chotsalacho, amaluma ana m'tulo, ndipo utitiri wake umafalitsa mliri wa makoswe, umene unavuta ku Nsanje mu 2002. Mayi amene watsala ndi matumba atatu kuti afike mwezi wa Malichi sungamuuze kuti apirire chifukwa cha likongwe. Funso si loti timuphe kapena tisamuphe khoswe. Funso ndi lomwe lija la agogo: timupha bwanji osaswa mkhate?

Anthu ena anayamba kale kuyankha. Ku Israel, alimi a pamudzi wa Sde Eliyahu anayamba mu 1983 kukhomera akadzidzi mabokosi oti aziswaniramo m'minda, ndipo njirayi inafalikira m'dziko lonselo mpaka ku Jordan, alimi n'kuchepetsa mankhwala a mbewa. Ku Alexandra mumzinda wa Johannesburg, kumene abale athu ambiri amakhala, m'zaka za m'ma 2010 anaika mabokosi a akadzidzi m'masukulu pofuna kuthana ndi makoswe, ngakhale kumenekonso anakumana ndi chikhulupiriro chonga chathu choti kadzidzi ndi mbalame ya afiti. Kwathu konkuno, miimba imene inasowa kwa zaka zambiri kumalo osungirako nyama a Liwonde inabwereranso kuyambira mu 2017, chitetezo chitakhwima ndipo nyama zolusa zitabwezeredwamo. Izi zikusonyeza kuti zolengedwa zimabwerera tikasiya kuzipha.

Njira zambiri zimene zingatithandize ndi nzeru ya nkhokwe yomwe ija itavala zovala zatsopano: kutchinga m'malo mosakasaka. Nkhokwe zazing'ono zamalata zimene boma linkalimbikitsa m'nthawi ya Bingu wa Mutharika, khoswe sangaziboole. Matumba a PICS, a mapepala awiri m'kati, amapha nankafumbwe pomumana mpweya popanda mankhwala aliwonse. Matumba aziikidwa pathandala, osagunda chipupa, ndipo miyendo ya thandalalo ivekedwe malata osalala kuti khoswe aziterereka. Mauna a m'chipupa atsekedwe, zinyalala ndi tchire zichoke pafupi ndi nyumba. Diwa ndi msampha wachitsulo zikadalipo, ndipo zimagwira bwino mudzi wonse ukatchera sabata imodzi, osati nyumba imodzi yokha. Ngati zafika poti mankhwala sangapeweke, akhale ovomerezeka, aikidwe m'kabokosi kapena m'paipi mmene mungalowe khoswe yekha, achotsedwe ntchito ikatha, ndipo mtembo uliwonse utoledwe m'mawa n'kuponyedwa m'chimbudzi chokumba kapena kukwiriridwa mozama. Kudzala ayi. Temeki ndiye asalowe n'komwe pakhomo.

Ine kuyambira 2009 sindinagulenso mankhwala a makoswe. Sindinganene kuti makoswe anatha. Chaka chilichonse timagwira angapo pamsampha, ndipo mphaka amene tili naye pano ndi waulesi. Nyumba ya amalume ija anthu anandiuza kuti ndiigwetse n'kutengako njerwa, koma ndinakana. Inakhala chete zaka zisanu ndi chimodzi. Usiku wina m'nyengo yozizira ya 2015 tinamva kulira kuja kokhala ngati nsalu ikung'ambika, ndipo m'mawa ndinapeza timibulu tatsopano pansi. Amayi anga, amene tsopano akalamba, amanenabe kuti mbalameyo siyabwino. Koma madzulo ena ndinawaona atakhala pakhonde, moto uli pafupi, kadzidzi akulira kuseri, iwo osatola chikuni. Nditawafunsa anangoti, "Musiyeni, mwina wabwerera makoswe ake."